Mphika wachiwiri wa achemwali

Ine ndi koleji tinasiyana mwaulemu. Palibe anatukwana mnzake. Iwo anamata mayina a okhoza pa bolodi, ine ndinapita kukawerenga, ndinaona kuti langa alisunga kwina, ndipo poti sindikonda kuvutitsa akuluakulu ndi mafunso, ndinanyamula chikwama n'kukwera basi ya ku Nkhotakota. Ndinali nditaphunzira za malonda mpaka pakati penipeni. Kuyamba bizinesi ndinaphunzira, kuikulitsa ndinaphunzira. Za kugwa kwa bizinesi amaphunzitsa chaka chomaliza, ine kulibe, n'chifukwa chake mpaka lero kugwa sindikudziwa.

Mayi anandilandira osafunsa zambiri. Wofunsa anabwera pa njinga yamoto patapita masiku: malume, mlongo wawo wa mayi, kapitawo wa odula nzimbe ku Dwangwa, munthu amene mawu ake pakhomo pathu amatha ngati chidindo. Anakhala pa khonde, anavula nsapato, anandiyang'ana kuyambira kumutu.

"Mphwanga, wabwera ndi pepala?"

"Ndabwera ndi nzeru, malume. Pepala latsalira."

"Nzeru n'zabwino," anatero malume. "Kwathu ku nzimbe munthu wanzeru timam'patsa chikwanje chakuthwa. Mvula ikangosiya, fakitale ikayamba kufuka, dzina lako ndilemba."

Odula nzimbe ndinkawadziwa. Amalowa m'munda wotenthedwa m'mawa ali anthu, amatuluka masana ali makala oyenda, masamba atawacheka mikono. Ndi ntchito yolemekezeka ndipo ndimailemekeza kwambiri, makamaka ndili patali.

Apa n'kuti achemwali anga, mlongo wanga wamkulu, akutuluka kuseri ndi mthiko m'manja. Iwowa ankaphika mafuta odzola Lachinayi lililonse, kuti amayi apeze chodzola pa Ijumaa. Ankasakaniza mafuta a nsatsi ndi a mpendadzuwa, phula la njuchi, makoko a mandimu ndi kalafuu, timitengo tonunkhira tija timathira mu mpunga wa pa Idi. Mafutawo ankatseka ming'alu ya m'zidendene, ankafewetsa manja a munthu wogwira nsomba tsiku lonse, ndipo fungo la usipa linkawaopa.

"Malume, ameneyu musiyeni," anatero achemwali. "Akundithandiza pa mafuta."

"Mphika umodzi anthu awiri? Wina akuvundula, winayo akutani, akuwomba m'manja?"

"Ndikukulitsa bizinesi, malume," ndinatero.

Malume anavala nsapato zawo. "Chabwino, bwana wokulitsa. Ndikadzabwera ndidzapeze miphika iwiri pamoto, ndipo yonse izitha. Ndikapeza umodzi, ukwera kumbuyo kwa njinga iyi."

Nkhani inali imeneyo. Mphika wachiwiri, kapena nzimbe.

Ndinayamba monga amayambira munthu wophunzira. Ndinawapatsa mafutawo dzina. Sindilitchula muno, poti kutsatsa malonda m'kati mwa buku ndi khalidwe la anthu osamaliza koleji. Ndinapita ku boma kukasindikiza timapepala ta dzinalo, tokhala ndi duwa pakona, n'kumata pa botolo lililonse. Ndinajambula mabotolowo nditawaimika pa nsalu yoyera, zithunzi n'kuika pa foni. Anaziona ndi anzanga a ku koleji, ndipo mmodzi anafunsa ngati ndayamba kudzola ndekha kapena akundidzoza. Ndinalembanso chikwangwani n'kukhoma kumaso kwa nyumba. Chinathandiza ndithu. Mbuzi zinapeza pokanda msana.

Mphika unali umodzi womwewo. Unkatha wonse, osatsala ngakhale kokanda, koma anthu ogula anali omwewo, nkhope zomwezo. Buku lathu la ku koleji linkati kasitomala wokhutira amauza anzake, anzakewo amauzanso anzawo, mpaka mwini bizinesi amasowa pothawira. Makasitomala a achemwali anali okhutira. Ena ankachokera ku Chia, ena ku Bua, ankabwera ngakhale mvula ikugwa. Nanga anzawo anali kuti?

Chinthu choyamba chimene ndinaona ndi njira. Palibe ankalowera kumaso, kumene kunali chikwangwani changa. Onse ankadzera kanjira ka kuseri, kodutsa pa khola la abakha, mmodzimmodzi, ndipo wina akapeza mnzake alipo kale, ankasanduka munthu wodzapempha moto. Chachiwiri ndinachipeza pansi pa mtengo wa mango umene uli pokhotera kanjirako. Timapepala tanga tonse tinali pamenepo, duwa m'mwamba. Munthu ankagula botolo, kufika pa mango, kumatula dzina ndi chikhadabo, kenako n'kumapita.

Ndinatola timapepalato n'kukawaonetsa achemwali.

"Ndikudziwa," anatero, osasiya kusenda mandimu. "Bola akugula."

"Achemwali, dzina lanu likuthera pansi pa mango."

"Ine mphika umodzi umandikwanira, a koleji. Wosowa wachiwiri ndi iwe."

Mawu amenewa anali oona, ndipo ndinawalemekeza poika timapepala tanga m'thumba n'kuchokapo.

Tsiku lina anandituma kukapereka mafuta ku Chia, kwa mayi wina amene mwendo unkamuvuta. Anali mkazi wamkulu wa bambo wina wokhala ndi maboti angapo, mayi wolemera thupi ndi mawu, amene ankagula kwa achemwali kuyambira kalekale. Anandilowetsa kudzera kukhitchini. Ndili chiimire, anatsegula kabati, anatulutsa botolo lapinki lokhala ndi chithunzi cha mkazi wa tsitsi lalitali, lolembedwa Chingerezi mbali zonse, n'kuyamba kukhuthuliramo mafuta athu ndi supuni.

"Mayi, botolo lathu lalakwanji?"

"Botolo lilibe mlandu, mwananga. Koma ukufuna anthu amve kuti mkazi wa mwini maboti amadzola zophika pa mafuwa?"

"Zikugwira ntchito nanga."

"Ndani wakana? Taona manja awa. Koma mafuta ophika m'nyumba ya munthu ali ndi mbiri. Mawa udzamva kuti ndikudzola mankhwala okokera bambo kuno. Mkazi mnzanga uja akungodikira poyambira."

"Nanga anthu akakufunsani kuti mwawapeza kuti?"

"Ndimati anandibweretsera alamu anga a ku Joni."

"Alamuwo ali ku Joni?"

"Anabwerako kalekale. Akuwotcha makala ku Bua." Anatseka botolo lapinki lija, analipukuta ndi nsonga ya chitenje. Kenako anatsitsa mawu. "Ndipo uwauze achemwali ako asasinthe kanthu. Anachita mwayi. Fungo lake likufanana ndendende ndi la enieni aja."

"Enieni ati, mayi?"

"A ku Joni enieniwo. Amene amadzola akazi a aphunzitsi, ndi mkazi mnzanga, ndi ena onse aja. Palibe angasiyanitse."

Ndinakwera njinga yanga ngati munthu wochokera ku maliro. Akazi a aphunzitsi ndinkawadziwa: ankadzera pa khola la abakha Lachinayi masana. Mkazi wamng'ono wa mwini mabotiyo ankatuma mng'ono wake Lachisanu m'mawa. Mayi aliyense ankamva fungo la kalafuu pa mnzake ku mzikiti kapena ku chitsime, n'kumati mumtima, uyu ndiye ali ndi enieni, anga ndi ongofanizira, ndibise zolimba. Chonsecho enieniwo kulibe. Ku Joni konse kunali kuseri kwa nyumba ya mayi anga.

Pobwerera ndinaima pa golosale ina ya ku boma, imene imagulitsa zodzola zakunja. Ndinam'funsa mwini wake ngati anthu amafuna mafuta onunkhira kalafuu.

"Achimwene, musandikumbutse," anatero. "Amabwera amayi muno, kutsegula botolo lililonse, kununkhiza, kubweza. Akuti si amenewa. Ndaitanitsa mitundu yonse, ndafunsa madalaivala a mathiraki. Mafuta amenewo kaya amapangira kumwamba."

Ndinam'pepesa pa vuto lakelo. Ine mtima unali utayamba kuvina. Anthu ofuna mafuta athu analipo, ochuluka, ndipo ankawasaka ndi mphuno m'masitolo. Amene ankatseka njira anali makasitomala athu omwe, okhulupirika aja. Apa pali phunziro limene ndimapereka kwaulere kwa aliyense wophika sopo kapena zodzola: usamangofunsa ngati anthu akukonda katundu wako. Funsa kuti akamutamanda amati wachokera kuti. Ukhoza kukhala ukulimira munda wa mlamu wowotcha makala.

Ndinaganiza masiku angapo, ndili gone pa mkeka, zimene mayi ankazitcha ulesi koma ku koleji zili ndi dzina lina. Kapepala amamatula. Botolo amasintha. Chimene sangamatule ndi fungo, ndipo chimene sangachinamizire ku Joni ndi mphika wakuda wa achemwali. Zinangofunika kuti fungo ndi mphika zionekere pamodzi, amayi onse ali pamalo amodzi.

Malo otero analipo. Ku Chia kunali kukonzedwa ukwati wa mwana wa m'bale wake wa mwini maboti uja, ndipo achemwali anaitanidwa kukathandiza kuphika. Kwathu pa ukwati amayi amayamba m'mamawa kupala mamba a chambo, kutumbula, kutsuka, kukazinga. Akamaliza, asanapite kukaona mkwatibwi, amasamba m'manja pamodzi kuseri, n'kupatsirana chodzola chimene mwini khomo watulutsa. Ndinawauza achemwali kuti tsiku limenelo chodzolacho chikhale chathu, ndipo chisapite m'botolo. Chipite mumphika momwemo, ndi mthiko wake.

Achemwali anaika mpeni pansi.

"Ukufuna ndikawavule anthu pagulu?"

"Simukatchula munthu. Mukangopereka mphatso kwa ophika."

"Amayi amenewa andisunga zaka zonsezi. Akachita manyazi n'kundithawa, mphika umodzi womwewu uzima. Wamva? Ku nzimbe tikapita tonse, iwe kudula, ine kukuphikira."

"Sathawa onse."

"Wadziwa bwanji?"

"Munthu amachita manyazi akagwidwa yekha. Akagwidwa mudzi wonse, imeneyo ndi mbiri ya mudzi."

Mvula n'kuti itayamba kudukiza, mpunga ukucha m'madambo, ndipo malume anali atatumiza kale uthenga wofunsa saizi ya nsapato zanga za jombo. Achemwali anatola mpeni uja.

"Mphikawo unyamula ndiwe," anatero.

Ndinaunyamula pa njinga, wokutidwa ndi chitenje, mafuta akadali ofunda. Kuseri kwa nyumba ya ukwati kunali utsi, mamba ali mbuu pansi, amayi ali m'magulu pa mabeseni. Woyang'anira zonse anali azakhali a mkwatibwi, mayi wamtali wosadziwa kunong'ona, mmodzi wa anthu aja ankanunkhiza mabotolo ku golosale. Nditangotula mphika anandithamangitsa.

"Mwamuna kuno akufuna chiyani? Kapena ukufuna chitenje?"

Ndinatuluka mwaulemu n'kukakhala kuseri kwa mpanda wa bango, pamene panali mthunzi wabwino ndi kampata koonera. Kafukufuku wa msika amafuna kudzipereka.

Nsomba zitatha, madzi osamba m'manja atazungulira, ndinamva achemwali akuti, "Azakhali, ndabweretsako kodzola ka ophika. N'kochepa."

Azakhali anachotsa chitenje pa mphika, anavundukula. Fungo la kalafuu ndi mandimu linadutsa utsi, linadutsa mpanda, linandipeza. Phokoso lonse la kuseriko linazima. Mayi wina amene ankaseka anatsala kukamwa kuli yasa.

Azakhali anapisa chala, ananunkhiza, anapaka pa dzanja, ananunkhizanso.

"Iwe mwana iwe. Awa si mafuta a ku Joni awa?"

"Joni wake ndi kuseri kwa mayi anga, azakhali, kufupi ndi khola la abakha. Ndimaphika Lachinayi."

"Umaphika iweyo? Mumphika uno?"

"Womwewu."

Azakhali anatembenuka pang'onopang'ono ngati boti lodzaza. Maso awo anakaima pa mkazi wamkulu wa mwini maboti, amene pa nthawiyo anali atapeza chinthu chofunika kwambiri choyang'ana m'beseni.

"Amayi akulu, si inu munandiuza kuti alamu anu amabweretsa? Ine mpaka kukawapempha alamu anuwo ku Bua, iwo n'kumangondiyang'ana ngati ndapenga?"

Ndinaona achemwali atagwira mthiko ndi manja awiri. Kunena zoona, pa kanthawi kameneko ndinamva kununkhira kwa nzimbe zopsa.

Ndiye kunamveka kuseka kumodzi, kochokera kumbuyo. Anali mkazi wamng'ono wa mwini maboti uja, atagwira pamimba.

"Amayi akulu! Inunso? Ine kumavutika kutuma mwana m'mamawa kuti musadziwe, ndimvekere inu muli ndi enieni!"

"Iwe, enieni si ako?" anafunsa mkazi wamkulu.

"Anga ndi a pa abakha!"

"Angansotu," anatero wina chapansipansi. Wina anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Kenako kuseri konse kunaphulika, mpaka abambo amene anali kumaso anatuma munthu kudzafunsa ngati kwagwa chinthu.

Azakhali sanaseke msanga. Anakweza dzanja.

"Dikirani. Mwana iwe, tiuze pano pagulu. Mulibe kanthu umu? Ka mizu, ka chiyani?"

"Nsatsi, mpendadzuwa, phula, mandimu, kalafuu. Bwerani Lachinayi mudzaone ndikuthira. Mukhoza kuvundula nokha."

"N'zoona zimenezo," anatero mayi wina wa ku Bua. "Akanakhala mankhwala okoka amuna, bwenzi anga akugona pakhomo. Ndadzola mpaka m'makutu."

Apa ndi pamene mkazi wamkulu uja anadzuka. Ndimam'patsa ulemu mayi ameneyu mpaka lero, chifukwa ndi katswiri wa zamalonda amene sanalembedwe ntchito. Anakonza mpango wake, anayenda mpaka pa mphika, anapisa dzanja lonse.

"Sekani, koma mudziwe kuti woyamba kuwatulukira mafuta amenewa ndine. Inu nonse munkadzola mafuta ophikira. Mwana uyu akuyamba kumene, ndani ankagula? Nena, mwananga, usaope."

"Aaa, amayi akulu, ine ndinayamba chaka cha madzi osefukira chija!" anatero wina.

"Chaka chimenecho ine n'kuti nditamaliza mabotolo!"

Anthu omwe aja ankabisala pa khola la abakha anayamba kulimbirana kuti woyamba ndani. Achemwali, amene ali ndi nzeru za woweruza milandu, anangoti onse anayamba kale. Mphika unabwerera kunyumba wopukutidwa ndi zala mpaka kuwala.

Sikuti zonse zinayenda bwino. Akazi a aphunzitsi aja sanabwerenso. Anakwiya zenizeni, ndipo ndikumva kuti tsopano amadzola za ku Joni zenizeni, zimene sizinunkhira kalafuu. Achemwali anadandaula, chifukwa ankagwirizana, ndipo anapita kukawapepesa koma anapeza chitseko chotseka. Mayi winanso anasiya kutilonjera kwa kanthawi. Ndinawauza achemwali kuti m'buku zimenezi zili ndi dzina lake. Anandiuza kumene ndingaliike bukulo.

Koma Lachinayi lotsatira azakhali anabwera, kudzera kumaso, atatsogolera amayi anzawo ngati gulu lopita ku chipatala. Anaima pa mafuwa, anaona chilichonse chikuthiridwa, anavundula okha, n'kulengeza kuti mulibe kanthu. Chilengezo cha azakhali chimafika ku Nkhunga popanda foni. Kuyambira pamenepo tinasiya kuphikira kuseri, tinasamutsira mafuwa pabwalo, poti tinaona kuti anthu akaona chophikidwa ndi maso awo mbiri ya mizu imafa yokha. Mwini golosale uja anabwera pa kabaza, ananunkhiza botolo, anakhala pansi osaitanidwa, anati, "Achimwene, munandiyang'ana ndikuvutika." Ukwati uliwonse wa ku Chia ndi ku Bua unayamba kuitanitsa mphika wa ophika, ndipo sitinkakana, poti pa ukwati pamakhala alendo ochokera kutali amene amabwerera kwawo manja akununkhira.

Mphika wachiwiri tinabwereka kwa mayi. Sunabwererenso.

Malume anafika fakitale itayamba kufuka, chikwanje chatsopano chili chomangirira kumbuyo kwa njinga yamoto. Linali Lachinayi. Anapeza miphika iwiri pamoto, achemwali pa wina, ine pa wina, amayi atakhala pa mkeka kudikira kuti mafuta azizire. Anazungulira miphika yonse iwiri. Anasuzumira ngati wachiwiriwo si madzi.

"Yonse imatha?"

"Funsani anthuwa, malume."

"Bambo, musatichedwetsere mwanayu," anatero mayi wina pa mkeka. "Akapsereza mutilipira ndinu."

Malume anamasula chikwanje chija, anachiyang'ana, anandipatsa. "Uziwazira nkhuni," anatero. Chilipo mpaka pano, ndipo ndi chakuthwa monga analonjezera.

Atamwa tiyi anandikokera pambali, kufupi ndi njinga yawo. Anavula nsapato imodzi n'kundionetsa chidendene. Chinali chong'ambika ngati dambo la mpunga mu Okutobala.

"Ndikufuna mafuta. Ndi a akazi anga," anatero.

"Ndamva, malume. Chidendene cha akazi anu."

"Usachite mwano. Thira umu." Anatulutsa m'thumba kabotolo kopanda kanthu ka oyilo wa njinga. "Anyamata ku nzimbe asaone kapitawo atanyamula za amayi."

Ndinawauza mwaulemu kuti kampani yathu simathira m'mabotolo a eni. Ndinawapatsa lathu, la duwa pakona. Analilandira ngati khala la moto, analiika m'thumba, analiza njinga. Sanadzere kumsewu. Anadzera kanjira ka pa abakha, ndipo pa mtengo wa mango njingayo inaima pang'ono.

Nditapita kukatola kapepalako, ndinawerengera m'mutu amuna onse a ku Dwangwa, aliyense ndi zidendene ziwiri, aliyense ndi kabotolo ka oyilo m'thumba. Ndinabwerera pa mafuwa n'kuwafunsa achemwali ngati mayi ali ndi mphika wina.